Amayi Apaka Mafuta Sefa ya Madzi

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Kasina kukuzizira kwambiri, koma tonse tikudzuka bwino, ndipo mwana wanga Takondwa wasiya kutsegula m'mimba.

Musakwiye, sefa yadothi munatigulira ija yawonongeka. Amayi ataona madzi akudontha kunsi kwake kugwera m'ndowa, anayesa ndi mphika wosapsa bwino. Ine ndili kudimba, iwo anaipaka mafuta ophikira mkati monse kuti ileke kudontha. Tsopano madzi akungotsetsereka ngati pa nthenga za bakha, osalowa m'dothi. Alangizi a zaumoyo ati timabowo take todutsa madzi tilipobe, koma dothi likamwa mafuta limakana madzi. Takwecha mpaka manja kuwawa, sizinathandize. Tabwerera kowiritsa madzi, ndipo nkhuni zikutivuta.

Nditawafotokozera kuti kudonthako ndiye kusefa kwake, amayi anati, "Ndakalamba ndikumata miphika kuti isadonthe. Lero wabwino ndi wodontha?"

Mukaimba foni musawakalipire chonde. Ngati mungathe, tipezereni ina mvula isanayambe. Ikabwera ndidzaipereka m'manja mwawo, chifukwa chiyambire tsiku limenelo akuchita manyazi ngakhale kutitungira madzi akumwa.

Ambuye akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinta