Mawu a ku Joni akufika mochedwa

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Kwatentha moopsa lero, ndipo mtima wanga sukukhala pansi.

Mayi Nyakhuwa anabweranso kushopu komwe ndimagwira ntchito kudzayankhula ndi mwana wawo wa ku Joni pa kompyuta. Akamupatsa moni, iye amaoneka ngati wayamba wakhala chete, mawu n'kufika pambuyo. Mayiwo anapsa mtima: "Iwe Fulanki, ndinakulakwira chiyani kuti uzindiyankha ngati wokakamizidwa?" Anatuluka osatsanzika.

Abwana akuti ndi dzuwa la kuno ku Ngabu, ndiike chiguduli chonyowa pamwamba pa rauta, kabokosi ka intaneti. Ndinaika, palibe chinasintha. Akuti zikafika Loweruka zili chonchi aitana munthu wa ku Blantyre, ine ndibwerere ku khasu. Nanga khanda langali ndilidyetsa chiyani?

Masana ndinasinthanitsa mawaya a makompyuta athu awiri. Yochedwa inali yomweyo, imene inadzipanga apudeti, kudziikira mapulogalamu atsopano, sabata yatha. Poyatsa imaonetsa mizere ya chimene amati kenelo, mtima wa mapulogalamu ake, yatsopano pamwamba, yakale pansi. Chizungu chake sindichimva, koma ndinasankha yakale n'kuimbira mlamu wanga. Mawu anafika nthawi yomweyo. Nditabwerera ku yatsopano, kuchedwa kuja kunayambiranso. Ndinabwereza kangapo, zinali chimodzimodzi.

Ndiye si dzuwa ayi. Koma abwana amakonda zatsopano, ndiwauza bwanji kuti chatsopanocho ndicho chikudwala? Nanga ikadzipanganso apudeti, yakaleyo n'kufufutika?

Mawa ndikawatenga Mayi Nyakhuwa pa kabaza, adzamve okha kuti mwana wawo alibe mwano. Kaya alola kukwera...