Mlamu wanga anathira inki m'burashi yojambulira ana kumaso

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi nditakwiya kwambiri. Ine ntchito yanga ndi yojambula ana kumaso pa maphwando: gulugufe, kambuku, mphaka, chilichonse chimene mwana waloza. Patha zaka zinayi, palibe kholo linandidandaulapo.

Mizere yopyapyala, monga ndevu za mphaka, ndimajambula ndi burashi yooneka ngati cholembera, imene chogwirira chake ndi kathanki ka madzi. Ukafinya pang'ono madzi amatsikira kunsonga, ukhudze pa penti, basi mzere umayenda osaduka. Inandipumitsa ku makapu a madzi amene ana amagubuduza ndi zigongono.

Lachitatu kunabwera mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, amene amadinda makalata mu ofesi. Zida zanga zinali pa tebulo. Ine ndili kukhitchini kumukonzera tiyi, iye anatsegula burashi ya mizere yakuda, n'kutaya madzi, n'kuthiramo inki ya chidindo ya m'chikwama chake. Osandiuza! Kathankiko sikaonetsa za mkati, nsonga nayo n'njakuda kale ndi penti, ndiye sindinaone kanthu.

Lachisanu ndinali pa phwando la kamtsikana kokwanitsa zaka zisanu. Kanakhala koyamba pa mpando, kakufuna mphaka. Ndinakajambula ndevu zitatu tsaya lililonse ndi kamphuno kakuda, ndikudzitama mumtima kuti lero mzere wada bwino. Pa mwana wachitatu m'pamene ndinamva kafungo kachilendo. Ndinapukuta mizere ija ndi nsalu yonyowa, osachoka. Sopo, osachoka. Tsaya la mwini phwando linayamba kufiira, mwana n'kumadzikanda akulira. Komatu mawa lake anali womwaza maluwa pa ukwati wa azakhali ake.

Mayi ake anandigwira pamkono makolo onse akuona. "Mwam'paka chiyani mwana wanga, mayi inu?" Nanenso sindinkadziwa. Anandiponyera chikwama changa panja pa geti.

Nditafika kunyumba ndinatsegula kathanki kaja, inki n'kutayikira m'sinki. Nditamuimbira mlamu, anaseka. "Aa, alamu, ine ndimafuna musamavutike kusunsa pa penti. Inki inaphapo ndani?" Amuna anga nawo akuti, "Zapita zimenezo. Ukangonena kuti penti inali yoipa, usayalutse mwana wa mayi anga."

Mabanja awiri andiuza kale kuti ndisapitenso ku maphwando awo. Aphungu, ndiname kuti ndibise munthu amene sanandipepese n'komwe?

T. C.

Amayi T. C.,

Ayi, musaname. Ndipo nane ndakwiya. Munthu wamkulu ndithu kuthira inki ya chidindo m'chida chopita pankhope ya mwana, pafupi ndi maso, kenako n'kumaseka? Kumeneko si kuthandiza. Wothandiza amayamba wafunsa.

Bambo akunyumbawo andikhumudwitsa koposa. Akufuna manyazi a mlongo wawo muwasenze inu. Mukanena kuti penti inali yoipa, mwalengeza kuti mumagula zinthu zowononga khungu la ana, ndiye adzakuitananinso ndani? Auzeni poyera kuti dzina lanu nalonso ndi la m'nyumba momwemo.

Koma musapse mtima, nanunso muli ndi gawo lanu. Burashi inagona masiku awiri, inu n'kuitengera pankhope ya mwana osaiyesa. Mukanafinyira dontho limodzi kuseri kwa dzanja lanu, bwenzi kalatayi kulibe.

Choncho pitani lero kwa mayi aja, ndi kwa makolo a ana awiri enawo. Musatumize uthenga pa foni, pitani ndi miyendo. Yambani ndi kufunsa za mwana, ndipo ngati khungu likadali lofiira kapena lotupa, apite naye kuchipatala, anene kuti inali inki ya chidindo. Asakhule ndi parafini kapena mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo. Kenako fotokozani zonse: wachibale anathira inki inu osadziwa, ndipo inu munalakwa posayesa. Dzina lake silikufunika. Akakukalipiraninso, pirirani. Mwana wawo anayenda kutsogolo kwa akwati ali ndi ndevu za mphaka, ndipo zithunzizo adzazisunga moyo wonse.

Burashiyo tayani, inki siitheratu mkati. Gulani ya kathanki koonekera. Muzithiramo madzi oyera okha, a tsiku lomwelo, ndipo mukaweruka muziwataya, n'kutsuka, n'kuyanika chotsegula, chifukwa madzi ogonera nawo amatha kuyabwitsa khungu. Musamafinye burashi ili pankhope. Finyirani pansalu, yesani mzere padzanja lanu makolo akuona, kenako mwana akhale pa mpando. Chikwama cha zida chizikhala chokhoma, ngakhale mlendo akhale wa magazi amodzi.

Mlamu wanu mumuuze kamodzi, amuna anu ali pomwepo, kuti mukudikira mawu oti pepani. Akakana, musamuthamangitse, tiyi azimwa ndithu. Koma chenjerani naye. Munthu woseka mwana atatupa tsaya sanaone cholakwa, ndipo mawa adzafunanso kukuthandizani.

Aphungu