Chidindo cha Ababa pa Nkhwangwa Zabodza

Chirimba, Blantyre

Ababa okondedwa,

Muli bwanji ku Phalombeko? Msana uja wasiya kukuvutani? Kuno ana ali bwino, koma ine mtima suli m'malo ayi.

Nkhani ndi achimwene a Clifton. Mukukumbuka chidindo cha nyenyezi chimene munkadinda pa nkhwangwa zanu, chija munatipatsa mutasiya kusula? Anachibwereka kwa ine chaka chatha n'kukasulitsa china chofanana nacho. Pano akudinda nyenyeziyo pa nkhwangwa zomwe akusula ndi zitsulo zofewa za mageti akale, n'kumagulitsa ku Limbe. Amazipaka utoto wakuda kuti zioneke ngati zolimbitsidwa poviika mu oilo.

Ine ndimazunzika kusaka sipuling'i ya lole m'magalaja, kuiwotcha pachipala, kuisula mpaka mapewa kuphwanya, monga munandiphunzitsira. Iwo tsiku limodzi atulutsa khumi.

Lolemba kunabwera mayi Halimatu, amene amawaza nkhuni zogulitsa. Anaponya nkhwangwa pamapazi anga anthu akuona. Inali itapindika kokuthwa ngati chitini, atangowazira chipika chimodzi. Anati akhala akukhulupirira nyenyeziyi kuyambira ali mtsikana, ndiye lero ndawabera. Ndinakana kuti si yanga, iwo n'kundilozera chidindo. Ndikanati chiyani? Kuti wakuba ndi mwana wa ababa anga? Ndawasulira ina, koma manyazi aja sanachoke.

Nditapita kwa achimwene, anandiseka. Akuti m'tauni anthu amagula kuwala, ndipo nyenyezi ndi ya tonse popeza bambo ndi mmodzi. Ndinachoka msanga, nyundo inali pafupi kwambiri.

Ababa, ndakwiya, ndipo nanunso ndakukwiyirani pang'ono, chifukwa a Clifton simunawadzudzulepo chibadwire. Pempho langa ndi limodzi: aitanitseni kumudzi, muwalande chidindocho ndi manja anu. Ine sandimvera.

Musachedwe. Sabata ino ndasula nkhwangwa zisanu, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinadindepo nyenyezi. Zatha tsiku lomwelo. Ogula amayamba atembenuza nkhwangwa, akaona kuti dzina lanu palibe, m'pamene akutenga.

Mupereke moni kwa amayi, azakhali ndi alamu anga a Annette. Amayi musawawerengere kalatayi.

Ndine mwana wanu wosweka mtima,
Wilfred