Nyenyeswa za Kamba

Okondedwa achimwene,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Bondo lija likukulolani kupalasa njinga tsopano? Amayi ndamva kuti chifuwa chawasiya, koma ndikhulupirira ndikamva kwa inu, chifukwa iwo aja ngakhale ali pabedi la kuchipatala amati ali bwino. Ine kuno ndilipo. Sindikudwala ayi, kungoti ndatopa, kutopa kosatha ndi tulo.

Ntchito ikadali yomwe ija ya ku bekale. Mnzanga amene ndinkagwira naye anasiya ndipo abwana sanalembe wina, ndiye kukanda ndi ine, kuotcha ndi ine, makina odulira buledi ndi ine. Ndimalowa kusanache. Poweruka tsitsi limakhala mbuu ndi fulawa, moti tsiku lina mnyamata wina m'basi anandipatsa mpando poyesa ndine agogo. Sindinakane. Kunyumba nako mpopi ukudontha, alandilodi amangoti mawa, ndipo mawa lawolo silinafikebe.

Koma yandilembetsa kalatayi ndi nkhani ya mwana wanu. Kuno aneba anamutcha Kamba, poti amayenda ndi nyumba yake kumsana: chikwama chimodzi, momwemo mabuku, yunifolomu, mswachi ndi nsapato. Mukudziwa kuti titasiyana ndi alamu anu tinagwirizana kuti mwana azikhala theka kwa ine, theka kwa bambo ake. Theka limenelo ndinalimenyera nkhondo ndine, mukukumbukira mmene ndinakugonthetserani m'khutu pa foni. Poyamba tinkasinthana pakati pa mwezi. Kenaka ine ndinati masabata awiri osamuona andichulukira, tizisinthana sabata iliyonse. Bambo akenso atawasintha shifiti ku garaja anati tizisinthana pakangopita masiku awiri. Tonse tinkangoti palibe wabera mnzake, theka ndi theka basi.

Sabata yatha aphunzitsi ake anandiitanitsa. Ndi mayi wofatsa, sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anati Kamba akumagona m'kalasi, tsiku lofunika buku la masamu ndiye kuti latsala kunyumba inayo, ndipo mafulakishoni amukanika. Akalephera mayeso a teremu ino abwereza kalasi. Anandionetsa pepala lake. Funso linali loti apeze mafulakishoni ofanana ndi theka. Anzake analemba 2/4, 3/6, 4/8. Wanuyo analemba kuti palibe.

Ndinati ameneyu ndithana naye ndekha. Loweruka ndinapita naye kuntchito, ndipo makasitomala atachepa ndinamukhazika patebulo. Ndinamubwerezera lamulo limene aphunzitsi anandiuza, loti nambala ya pamwamba ndi ya pansi uzichulukitse ndi nambala imodzimodzi, ndiye kuti wapeza fulakishoni yofanana. Iye anati lamulolo akulidziwa bwinobwino, kungoti ndi labodza. Makani amenewa musandifunse kumene anawatenga, mukangodziyang'ana pagalasi.

Ndinatenga mabuledi awiri adzulo. Mmodzi ndinamudula pakati, winayo ndinamudula zidutswa zisanu ndi zitatu. Ndinandandalika zidutswa zinayi pambali pa theka lija, n'kumufunsa ngati sakuona kuti n'zofanana. Kenaka anayamba kusesa patebulo ndi dzanja. Pamene ndinadulira pakati panali tinyenyeswa tochepa, koma pamene ndinadulira kambiri paja nyenyeswa zinadzaza chikhatho. Anandionetsa, n'kundifunsa kuti nanga izi ndi za theka liti. Anati mpeni ukamadutsa umadyako, ndiye chodulidwa kambiri sichingafanane ndi chodulidwa kamodzi.

Ndinaseka, ndinamuuza kuti mpeni wa m'buku la masamu sugwetsa nyenyeswa. Anavomera, koma mwaulemu chabe, monga amavomerera mwana akaona kuti wamkulu watopa. Apo kunalowa kasitomala ndipo ndinapita kutsogolo. Pobwerako ndinamupeza atagona pa matumba a fulawa, pensulo ili m'manja, chikwama chikadali kumsana. Sanachivule chifukwa madzulo ake anali opita kwa bambo ake.

Achimwene, ndinakhala pansi. Ndinayamba kukumbukira mabasi amene mwanayu amakwera, sokosi imodzi kuno ina uko, kudzuka limodzi ndi ine kunja kuli mdima n'kukadikira belu pageti la sukulu. Tamuduladula mwana ife, uku tikunena kuti ndi theka lomwe lija. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mvulayo ndinalira ndine, koma matopewo akuponda ndi mwana.

Pempho langa ndi limodzi. Muwaimbire foni alamu anu. Inu amakumverani, pomwe ine ndi iwo tikangopatsana moni chotsatira chake ndi mkangano. Muwauze kuti ndalola Kamba azikhala kwa iwo masiku onse mpaka chaka cha sukulu chithe. Kuchokera kwawo sukulu ndi yoyenda wapansi, ndipo azakhali ake amakhalapo masana, angamamuone akamalemba homuweki. Ine ndizimutenga Lamlungu. Ndayesa kuwauza ndekha, koma ndimangopezeka ndikuwafunsa za juzi imene anamutayitsa.

Musawauze kuti ndagonja, ndipo akayamba matama muwadule. Muwauzenso kuti mwanayu sagona magetsi onse atazima, ndipo akati wakhuta asamukhulupirire msanga, amachita manyazi pamaso pa bambo ake.

Mtima ukundiwawa, sindikubisirani. Chipinda changa n'chimodzi chomwechi, timagundana zigongono, koma ndikudziwa kuti chindikulira. Kambayo sindinamuuzebe, ndikudikira mawu anu. Amayi musawauze kaye, angaleke kudya.

Mupereke moni kwa amayi, kwa alamu anga, kwa azakhali ndi ana onse. Wamng'ono uja mumuuze kuti ndamva zoti mano akutsogolo aguluka, asaseke kwambiri pagulu. Kamba nayenso akupereka moni. Akuti amalume amadziwa zonse, ndiye mumuyankhe funso lake lija, kuti nyenyeswa ndi za theka liti. Chonde mumuuze alembe zimene aphunzitsi akufuna, akhoze mayeso. Za nyenyeswazo musavutike nazo, mwini wake wapezeka. Buledi apite wathunthu kwa bambo ake, ine ndizitola za Lamlungu.

Ine mlongo wanu wotopa koma wosakuiwalani,
Make Kamba