Botolo la Buluu

Lolemba, 9 Juni

Achimwene akadali m'chitokosi. Sabata yachitatu. Akuti ndiwo anaba mawu a mayi woimba uja chaka chatha, mpaka lero mayiyo amangolankhula ndi manja. Umboni wake? Eti m'tauni muno wodziwa kutsekera mawu m'botolo ndi iwo okha. Luso lomwe anatisiyira bambo lasanduka mlandu.

Ndasesa m'shopu. Mashelefu mbee, apolisi anakokolola mabotolo onse. Kale muno munkanunkhira phula, amayi akutsuka mabotolo m'beseni, ine ndikupukuta, achimwene akuswa. Ndawasowa amayi koopsa.

Lachitatu, 11 Juni

Kwabwera loya wa achimwene, nsapato zake zolira polishi. Akuti mawuwo anabedwa pa 20 Meyi, folo koloko masana.

Ndi tsiku lomaliza la amayi pakhomo pano, asanapite kuchipatala. Ine ndinali kusukulu. M'nyumba anali awiriwiri ndi achimwene, omwe anatsekera mawu a amayiwo m'botolo la buluu n'kundipatsa maliro atatha. Phula la pachivindikiro limalemba lokha tsiku ndi ola. 20 Meyi, 4:00.

Lili m'sokosi, pansi pa sutikesi. Loya sindinamuuze.

Lachisanu, 13 Juni

Botolo limalankhula kamodzi basi. Ukatsekula, mawu apita. Chaka chonse ndimangoligunditsa kukhutu, kuganizira zomwe anandiuza. Mwina madalitso. Mwina kanyimbo kaja kochapira.

Ndinakawaona achimwene. Aonda, mutu wokha ndi womwe uja, paja amayi ankawati Chimutu. Nditatchula za botolo anati, "Usayerekeze. Ndi lako lija." Ndabwerako nditawakwiyira, chifukwa anena zomwe ndimafuna kumva.

Lachiwiri, 17 Juni

Khoti. Mabenchi ozizira. Botolo m'thumba la yunifomu.

Nditalitulutsa, loya wa boma akuti phula angamate aliyense, khoti limve ngati mawu a achimwene alimo. Woweruza anandiyang'ana pamwamba pa magalasi: "Mwanawe, palibe akukukakamiza." Ndinatsekula ndekha.

Choyamba chifuwa cha amayi. Kenako: "Iwe Chimutu, tseka chitseko, mphepo! Ukunditsekera m'botolo ngati ndafa kale?" Achimwene momwemo, akuseka, akuwanyengerera kuti anene kanthu kabwino ka mwana wawo wamkazi. Amayi: "Kauze kasiye kugona ndi masokosi."

Basi. Madalitso anga ndi amenewo. Khoti lonse linaseka, ndi woweruza yemwe. Ine ndinalira mpaka mamina. Kalaliki walemba zonse bwinobwino, koma pepala silitsokomola.

Lachinayi, 19 Juni

Achimwene atuluka dzulo. Wakuba weniweni akuti akumufunabe. Botolo lili pawindo, lopanda kanthu. Ndinaligunditsabe kukhutu, chizolowezi.

M'mawa uno achimwene alowa ndi ndowa ya madzi, chitseko n'kuchisiya pululu. Mawu anangotuluka okha: "Iwe Chimutu, tseka chitseko, mphepo!" Ine ameneyo, kuwatchula achimwene anga choncho.

Ndowa pansi, madzi ponseponse. Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ali psuu. Ndimati lero ndiona mbama.

Anapita pawindo, natenga botolo lija, kulipukuta ndi malaya. Analiyandikitsa kukamwa kwanga.

"Tanenanso," anatero.