Zikhadabo Sataya Paliponse

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno ku Hull, ku Mangalande, tilipo, kungoti mphepo ya kunyanja ikutiboolabe mafupa ngakhale eni dziko akuti ino ndi nyengo yotentha. Mdzukulu wanu Tadala akumaliza chaka choyamba kusukulu. Chichewa amamva bwinobwino koma amayankha m'Chingerezi, ndipo mukanakhalapo mukanati ndalera wamwano. Kumudzi mpongozi wanu, mkazi wa achimwene Lakisoni, anachira mwezi watha. Ndi mwana wamkazi, amutcha dzina lanu, ndipo akuti polira amakweza mawu ngati mwini dzinalo. Mtedza wa m'munda wanu wa kuseri kwa tchalitchi wachita bwino, koma chimanga chinapsa ndi ng'amba.

Tsono khalani pansi ndikuuzeni zanga. Ndinalephera mayeso, ndipo mlandu wake tigawana.

Mutatisiya, msana unayamba kundivuta chifukwa chonyamula anthu kunyumba yosamalira okalamba kuja. Ndiye ndinalowa maphunziro osamalira zikhadabo za odwala. Musaseke, Amayi, kuno imeneyi ndi ntchito ya satifiketi. Munthu wa shuga ngati mmene munalili inu, kachilonda kakang'ono pachala kakhoza kumudulitsa mwendo, ndiye samuwenga ndi lezala monga tinkachitira pakhonde paja.

Mayeso olemba ndinakhoza popanda thukuta. Tsiku la mayeso a manja anandipatsa agogo ena achizungu, zikhadabo zawo zolimba ngati chigoba cha kamba. Ndinasamba m'manja, kuvala magolovesi, kuyang'ana pakati pa zala ngati pali chilonda, kenako kuwenga mowongoka osalowa m'mbali. Agogowo anayamikira kuti sanamve kuwawa ngakhale pang'ono. Mtima unali utayamba kale kuvina. Apa m'pamene manja anachita zawo osandifunsa. Ndinatola tizikhadabo tonse, n'kutikulunga pakapepala, n'kutiika m'thumba la yunifolomu.

Mayi amene amandiyesa anaika cholembera pansi. Anandifotokozera mwaulemu kuti zimenezo malo ake ndi m'bini yachikasu yotayamo zinyalala za odwala, ndipo kuti thumba langalo likanapita ndi matenda kwa wodwala wotsatira. Sananame. Koma ine ndikanamuyankha chiyani? Ndikanati ndimateteza agogowo kwa afiti? Inu ndi amene munkatiuza kuti, "Zikhadabo ndi tsitsi sataya paliponse, mfiti imayenda ikuyang'ana pansi." Munkatiperekeza mpaka pakhomo pa chimbudzi kuti muone ngati taponyadi.

M'basi ndinalira, sindibisa. Ndinakukwiyirani masiku awiri athunthu. Tsiku lachitatu bambo a Tadala, amene mukudziwa kuti ndi namwino, anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Atatha kuseka anandiuza kuti zonse za m'bini yachikasu amakaziwotcha m'ng'anjo, palibe munthu amazigwira ndi dzanja. Ha! Safunsa anadya phula. Miyezi yonseyi ndinkaiona biniyo ngati dzala, osadziwa kuti imasunga lamulo lanu kuposa chimbudzi chathu chija. Mfiti ikafuna ikatole phulusa.

Mayeso obwereza ndi Lachinayi sabata yamawa. Sukulu yathu imalola kubwereza kamodzi kokha, ndipo kachipatala ka mapazi kamene kanandilonjeza ntchito kandidikira mpaka kutha kwa mwezi uno basi. Ndikalephera ndibwerera kokanyamula anthu, ndi msana womwewu. Mantha alipo pang'ono, koma sindilephera. Tikaweruka kutchalitchi azimayi amandandalika mapazi pabalaza panga, ndipo bambo a Tadala ayamba kugona ndi masokosi chifukwa alibenso choti ndiwenge. Ndinagula kabini kachikasu kanga. Thumba la yunifolomu lija ndinalisoka ndi ulusi wakuda, mwa kasokedwe kanu kaja kobwereza kawiri, moti dzanja likaiwala lipeza khomo lotseka. Paja munkati khotekhote ngwanjira, palinga mtima m'pomwepo.

Chatsala n'chimodzi, ndipo sindinauzepo munthu. Mukukumbuka ulendo wanga womaliza kumudzi, pamene ndinakuwengani zikhadabo m'mawa wa tsiku lonyamuka? Munagwira dzanja langa n'kunena kuti, "Kataye wekha, usatume mwana." Ndinaziika m'kabokosi ka machesi, galimoto n'kuimba hutala pamsewu, ine n'kuthamanga. Kabokosiko ndinakapeza pansi pa chikwama kuno, patatha sabata atakuikani m'manda. Kalipobe, m'kabati ya zovala, mkati mwa mpango wanu wobiriwira. Ndayesa kangapo, koma ngakhale bini yachikasu sindingaipatse zimenezi.

Ndiye Lachinayi mundisiyire manjawa, Amayi, musawagwirenso. Za agogo achizungu zipite kumoto. Zanu ndibwera nazo ndekha, pamodzi ndi satifiketi, ndidzakumbe kadzenje kumapazi kwanu n'kukubwezerani. Munandituma ine, ndipo ntchito imeneyo ndidzaimaliza.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka kalekale,
Tiyamike