Phula la Amayi pa Roketi ya Bambo

Radauti,
20 Seputembala, 2023.

Okondedwa achimwene Octav,

Ndikhulupirira kuti mukudzuka bwino kumeneko ku Torino pamodzi ndi alamu anga a Sanda. Ife kuno tilipo. Kalatayi ndaiika pamwamba pa katoni imene tikweze basi ya mawa. M'katimo muli mabotolo a zakuska ya chaka chino, ndiwo ija yodyera buledi, tsabola wake wa m'dimba mwathu momwe, ndiye mukailandire msanga, musachite zija za chaka chatha zoisiya kwa adalaivala mpaka anayamba kulawa. Pansi pa mabotolo pali kamtolo. Kameneko musakamasule musanafike kumapeto kwa kalatayi.

Mudabwa kuti ndalemba pamanja chonsecho timayankhulana pafoni Lamlungu lililonse. Pafoni Bambo amakhala pompo, khutu lili tcheru, ndipo nkhani iyi anandiletsa. Maso a Bambo akutha, achimwene. Pakati pa diso pachita kamdima kamene kakukulirakulira, ndipo adokotala akuti chisanu chikamafika nkhope za anthu sadzazizindikiranso. Kuchipatalako ndinawaperekeza ndine, mwezi wa Meyi. Potuluka anandigwira mkono n'kunena kuti, "Ilinca, amayi ako asamve, Octav asamve. Ndiulutse kaye roketi yanga ndikuiona ndi maso angawa, zinazo pambuyo." Ndakhala nazo kukhosi chilimwe chonse, lero zandikwana.

Roketiyo mukuidziwa, ija anaiyamba atangopuma ntchito ya kunjanji. Pano inatalika moti ikaimirira imagunda denga la galaja, ndipo Amayi amaitcha chibwenzi cha Bambo. Ine ndiye ndinasanduka wantchito wake. Kusakaniza guluu ndi ine, kugwira zipsepse kuti ziume zili chilili ndi ine. Bambo amati, "Zala zako n'zazing'ono, tamanga kawaya aka," ngati vuto ndi zala. Koma pa sandipepala palibe wowaposa. Ine ndimapala mpaka mikono kuwawa, n'kunena kuti pasalala, iwo kungoyendetsapo chikhatho, "Apa pali phiri, mwana iwe, bwereza."

Tsono anthu a maroketi ali ndi mwambo wawo, ndipo Bambo amausunga kuposa kusala kudya kwa Pasaka: roketi sipentedwa isanauluke. Ulendo woyamba imapita ili mbuu, ndipo ikabwerako yamoyo m'pamene imavekedwa penti. Nkhondo inayambira pamenepo, tsiku lina tikudya masana.

"A Toader," anatero Amayi, "chibwenzi chanu chija mukapita nacho pagulu chili chotuwa chonchija, ngati chadwala?"

"Sichinauluke. Penti ndi mphoto, Domnica. Mphoto sitipereka mpikisano usanayambe."

"Nanga ine munandiveka diresi loyera ndisanakuphikireni ndi kamodzi komwe, inali mphoto ya chiyani?"

"Ndiye pamene ndinaphunzirira pamenepo," anatero Bambo, ndipo ine supu inandipalira.

Amayi sanaseke. Anangoyang'ana m'mbale mwawo n'kunena motsitsa, "Chinthu chotuwa pamitambo yotuwa, achiona ndani?" Pamenepo ndinadziwa kuti chinsinsi chimene ndinkavutika nachocho Amayi anali nacho kale. Munthu wogona naye chipinda chimodzi sungamubisire kuti wayamba kuthira tiyi pambali pa kapu.

Bambo atapita kumudzi kwa amalume a Gavril kukathandiza kutcheza mapulamu, Amayi anatseka galaja n'kuyamba zawo. Anabwereka kamfuti kopopera penti kwa aneba, naipopera yonse kufiira psuu. Kenako anatulutsa zolembera zawo zija za mazira a Pasaka n'kujambula momwe amajambulira padzira: ngala za tirigu zachikasu, nyanga za nkhosa zoyera, mizere yakuda yokhotakhota kuzungulira thupi lonse. Ine ndinkangotembenuza roketi, iwo akujambula, milomo ili mphwii. Sindinaonepo chinthu chokongola chotero m'galaja mwathu muja.

Bambo atabwera anaima pakhomo nthawi yaitali. "Mwaipatsa tsoka," anatero, ndipo tsiku limenelo anakana chakudya. Koma m'mawa mwake ndinawapeza ataitulutsa padzuwa, ataima patali, mutu atapendeketsa monga achitira masiku ano pofuna kuonera m'mphepete mwa diso. Sanadziwe kuti ndili kumbuyo kwawo. Ndinangomva akuti, "Yafiiradi."

Loweruka lapitali tinapita nayo kuchigwa chakummwera kumene gulu lawo limaulutsira, m'munda waukulu wokololedwa kale tirigu. Amayi anapita nawo, koyamba chiyambire. Titangotsitsa roketi anthu anatiunjirira. "Agogo abwera ndi dzira la Pasaka mu Seputembala!" wina anakuwa. "Likasweka tikazinga!" A Horia, amene amayendera roketi iliyonse isanaloledwe kuuluka, anaizungulira, anaigwedeza zipsepse, anasuzumira parachuti, n'kunena kuti zonse zili bwino. Anaiimika pachitsulo chake, mphuno kuloza kumwamba.

Tonse tinayamba kubwerera kumbuyo kwa chingwe, koma Bambo anatsalira. Ankaisisita kuyambira pansi kukwera, ngati akutsazika munthu. Dzanja litafika pakati linaima. Linabwerera, linazungulira, linaimanso.

"Tibowo tili kuti?"

Mwina munaiwala, achimwene, poti inu za m'galaja munkazithawa. M'mimba mwa roketi muli kamakina kamene kamamva mpweya wakunja kudzera m'tibowo titatu tating'ono ngati diso la singano yosokera matumba. Ndi mpweyawo kamadziwa kuti roketi yafika pamapeto pa ulendo, n'kutulutsa parachuti. Tibowoto tikatsekeka kamakinako kamasokonezeka, ndipo chinthu chonsecho chikhoza kubwera pansi ngati mkondo. Tsono inunso mukudziwa zimene Amayi amachita ndi dzira akalipopa zam'kati: asanaliviike mu utoto amatseka kabowo kake ndi phula la njuchi kuti utoto usalowe. Ndi zomwezo anachita apa. Anaona tibowo, anaopa kuti penti iwononga zam'kati, anatseka ndi phula n'kupentapo mwaluso moti ngakhale a Horia ndi maso awo abwinobwinowo sanaonepo kanthu.

"Ndinatseka ine," anatero Amayi. "Kuti penti isalowe."

Bambo anapsa mtima monga sindinawaonerepo. "Domnica! Ichi ndi dzira? Zaka zonsezi ndikuchimanga, iwe ukufuna chikakumbe chitsime m'munda mwa eni? Ndinanena ine kuti musachikhudze!"

Amayi nkhope inafiira ngati roketi yomweyo, ndipo mukuwadziwa akachita manyazi pagulu, sabwerera m'mbuyo.

"Sabata yonse mwakhala nayo m'galaja," anatero. "Mukanakhala kuti mumaona, bwenzi mutaona kalekale."

Mawu atatuluka anagwira pakamwa, koma madzi akatayika saoleka. Anzawo a Bambo anayang'ana pansi, wina anayamba kukonza chipewa chimene chinali bwinobwino. Ine ndinkafuna nthaka ing'ambike. Bambo anaima chilili, dzanja likadali paroketi, ndipo ndinkaganiza kuti anena kuti tiipakire m'galimoto tizipita.

"Unadziwa liti?" anafunsa, mawu atatsika.

"Tsiku lija munapatsa moni chikhoto cha abusa chili pachitseko."

Wina anaseka mosafuna, kenako Bambo nawonso anaseka, kuseka kwake kosasiyana ndi kulira. Anapukuta m'maso n'kunena kuti, "Bwera kuno, nkhalamba iwe. Uli ndi pini paduku pako?"

Amayi anazula pini. Bambo anawagwira chala n'kuchiika pamalo pake penipeni, poti iwo ndi amene anaboola ndipo dzanja lawo silinaiwale. Amayi anatokosa, phula linatuluka. Anazungulira choncho roketi yonse, mwamuna kupeza, mkazi kuboola. A Horia anadzaonanso, anauzira mpweya pakabowo kalikonse, n'kukweza chala.

Itayaka, achimwene, nthaka inanjenjemera m'mapazi. Inanyamuka ndi mkokomo ndi utsi woyera, kamodzin'kamodzi yafika kutali. Ine sindinaiyang'ane kwambiri, ndinkayang'ana Bambo. Anali atayang'ana kolakwika, kumanzere kwambiri, maso akufunafuna. Amayi anaima kumbuyo kwawo, anawagwira mutu ndi manja onse awiri n'kuupotoza pang'onopang'ono.

"Uko, a Toader. Pansi pa kamtambo ako. Yatembenuka. Yatulutsa! Parachuti yatuluka!"

"Khala chete, mkazi iwe, ndikuona," anatero Bambo. Patapita kanthawi anawonjezera, "Kadontho kofiira. Kakutsika."

Ngati anakaonadi kapena ananena kuti Amayi amve bwino, sindikudziwa, ndipo sindidzawafunsa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ikanakhala yotuwa sakanayerekeza n'komwe. Inatera m'ziputu za tirigu, yamoyo, itangokalika pachipsepse chimodzi. Pobwerera Bambo anauza Amayi kuti tsopano penti yaiyenera, akhoza kukonza pokalikapo, bola phula alisiye kukhitchini.

Kufika kunyumba Bambo lamulo lija analibwerezanso: "Octav ali pantchito, musamusokoneze. Adzabwera pa Khirisimasi." Koma Khirisimasi ili kutali, achimwene, ndipo kamdima kaja sikadikira tchuthi cha munthu. Sindikukudandaulirani za ine, ngakhale kuti masiku ena ndimatopa. Chithunzi chanu chaukwati chija chinali pakhoma Bambo anachichotsa n'kuchiika pawindo, ndipo ndimawapeza atachiyandikiza kumaso, mutu atapendeketsa. Pemphani masiku kwa abwana anu mwezi wamawa uno. Mukabwera musawafunse za maso, mudzangoti mwabwera kudzaona roketi, akakuuzani kuti pachipsepse pali phiri mudzatenge sandipepala.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti ndikubwerekani kwa sabata imodzi yokha. Amalume a Gavril akupereka moni, akuti botolo lanu la kachasu wa mapulamu akusungirani. Amayi akuti muzivala zofunda. Bambo sakupereka moni poti sakudziwa kuti ndalemba, koma dzulo anafunsa kawiri ngati kumeneko kwayamba kuzizira.

Tsopano masulani kamtolo kaja. Ndi juzi yofiira psuu, Amayi aluka okha, ndipo musayambe zonena kuti mtundu wake ndi wa ana. Mudzaivale tsiku lobwera. Basi imaima patali ndi geti, pamatsika anthu ambiri, ndipo Bambo adzakhala ataima pakhonde.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Ilinca